Akuti ululu wathu udikire kaye mliri uthe

Wosagona, Lachiwiri 2:10 usiku

Pepani abale, ndikudziwa kuti ndi pakati pa usiku. Ndalemba chifukwa ndikangokhala chete ndiyamba kulira, ndiye ana adzuka. Dzulo masana andiimbira foni akuchipatala kuti opaleshoni yanga ya bondo aisunthanso. Aka n'kachitatu. Poyamba inayenera kuchitika mu Epulo 2020, mliri utangoyamba kumene, ndipo anati tidikire kaye zinthu zichite bata. Ndinadikira. Ulendo wachiwiri anandipatsa tsiku, ndinalongedza ndi chikwama chomwe, koma kutatsala masiku anayi anati mabedi onse adzaza ndi odwala COVID-19. Lero kwabweranso mtundu watsopano wa korona uwu wotchedwa Omicron, ndipo tsopano ngakhale tsiku sakunditchulira.

Mtsikana amene anaimbayo anali waulemu ndithu, sindikumuda. Koma pali mawu amene ananena omwe akungozungulira m'mutu mwanga: "Amayi, yanuyi si yadzidzidzi." Ndikumva zimene amatanthauza. Bondo silingandiphe mawa. Komatu yakwana miyezi 20 ndisanagonepo tulo tofika maola anayi. Mafupa akukhulana okhaokha, ndikaima ndimamva ngati wina akukhoma msomali m'kati. Kuti ndivale nsapato ndimachita kuitana mwana.

Chimene chikundisautsa kwambiri ndi manyazi. Anthu akuika maliro a abale awo, ena akubanika pa okosijeni, ndiye ine ndiziti bondo? Munthu akandifunsa kuti mwadzuka bwanji ndimangoti ndadzuka bwino, chifukwa kunena zoona kumaoneka ngati kusayamika. Kodi anzanga mumatani nawo manyazi amenewa? Kapena ndi ine ndekha?

Gulugufe, 2:24 usiku

Si inu nokha amayi, nanenso ndili maso.

Ine ndimadwala lupus, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimatembenukira thupi lomwelo. Ndakhala ndikumwa hydroxychloroquine tsiku lililonse kwa zaka 7, ndipo nthawi yonseyo palibe amene ankadziwa n'komwe dzina la mankhwalawa. Mu Malichi 2020 mphekesera itafala kuti amachiza korona, ndinapita kukatenga anga n'kupeza atha. Anthu abwinobwino anagula n'kukasunga m'nyumba kuti mwina angadzadwale. Ndinayenda malo anayi osapeza. Ndinayamba kudumphitsa masiku kuti otsalawo akhalitse, kenako anatheratu. Patapita milungu ingapo zala zinatupa, zidzolo zinabwereranso kumaso, botolo la madzi sindinkatha kulitsegula. Pa 5 Juni 2020 ofufuza a ku Oxford, pa kafukufuku wotchedwa RECOVERY, analengeza kuti mankhwalawa sathandiza odwala COVID-19 amene agonekedwa m'chipatala. Nkhaniyo ndinaiwerenga ndili chigonere.

Kuyambira pamenepo manyazi ndinawasiya. Ndinaona kuti ndikakhala chete palibe amene adziwe kuti ndilipo.

Bambo wa Atatu, 5:40 m'mawa

Amayi, pepani ndi bondolo. Koma ndinene mosabisa. Ine ndinataya mkulu wanga mu Julayi, sindinaloledwe ngakhale kuona nkhope yake komaliza. Iye akanapatsidwa mwayi wosankha, akanasankha bondo lopweteka n'kukhala ndi moyo. Madokotala sakuchitira dala. Bedi limene mukanagonapo inu pagona munthu amene akulimbana ndi mpweya. Tiyeni tiziyamika kuti tikupuma. Ululu tinauzolowera kale ife, tipirire basi.

Gulugufe, 6:02 m'mawa

Abambo, pepani kwambiri ndi imfa ya mkulu wanu. Koma mawu akuti "tiziyamika" ndi amene achititsa amayiwa kulemba usiku m'malo molankhula masana. Palibe amene wanena kuti atsitse wodwala pabedi. Amayiwa angofunsa ngati n'kololedwa kunena kuti zikupweteka. Ndipo ine ululu sindinauzolowere ayi. Zaka 7, koma m'mawa uliwonse umandipeza ngati ndi koyamba.

Wosagona, 6:15 m'mawa

Abambo, mawu anuwo ndi omwe ndimadziuza ndekha usiku uliwonse. Sanachotsepo ululu ngakhale pang'ono, anangonditseka pakamwa. Pepani ndi malirowo.

Namwino Wopuma, 7:30 m'mawa

Ndawerenga zonse. Ndinagwira ntchito m'mawodi zaka zambiri ndisanapume, ndipo panopa nyamakazi yandigwira manja, choncho mbali zonse ziwiri ndikuzidziwa. Abambo akunena zoona kuti mabedi ndi ochepa. Amayinso akunena zoona. Pamene pakupweteka ndi pa mawu aja akuti "si yadzidzidzi". Kuchipatala mawuwa amangotanthauza kuti opaleshoniyo ingaikidwe tsiku pasadakhale. Satanthauza kuti ndi yosafunika. Koma akafika m'khutu la wodwala amamveka ngati akuti zako n'zazing'ono.

Ndipo simuli ochepa. Mu Meyi 2020 gulu la madokotala a opaleshoni lotchedwa CovidSurg, lotsogoleredwa ndi a ku yunivesite ya Birmingham, linawerengera mongoyerekezera kuti pa milungu 12 yokha ya chipwirikiti chija, maopaleshoni oposa 28 miliyoni padziko lonse aimitsidwa kapena kusunthidwa, ndipo a mafupa ndi amene anachuluka. Mwezi womwewo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linafunsa mayiko 155, ndipo 63 pa mayiko 100 alionse anati ntchito zothandiza anthu kuti ziwalo ziyambirenso kugwira, monga mafizo, zasokonekera.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti ululu suima pamodzi kukudikira. Ukapitirira miyezi itatu timautcha ululu wokhalitsa, ndipo pamenepo mitsempha imatha kuyamba kusintha. Imakhala tcheru mopitirira muyeso, ngati galu amene anamenyedwapo, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa. Kusagona kumakulitsa ululu, ululuwo n'kuchotsanso tulo. Mwendo umene sukuyenda minofu yake imafota, bondo n'kutsala lopanda chochirikiza. Ndiye munthu amene anauzidwa mu Epulo 2020 kuti adikire, akamadzafika patebulo la opaleshoni amakhala atafooka kuposa mmene analili. N'chifukwa chake m'buku latsopano la WHO la mayina a matenda, ICD-11, logwira ntchito kuyambira mu Januwale 2022, ululu wokhalitsa aupatsa malo akeake ngati vuto loyenera kuthandizidwa palokha.

Amayi, muimbenso foni. Musafunse tsiku lokha. Muwauze kuti kuchokera pamene anakuonani komaliza mwasiya kuchita chakuti ndi chakuti, muzitchule chimodzichimodzi, ndipo mupemphe kuti zilembedwe mufayilo yanu. Mufunsenso ngati wa mafizo angakuphunzitseni pafoni zolimbitsa ntchafu muli chigonere. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mnyamata wa Sikoselo, 8:48 m'mawa

Nanenso ndinene zanga. Ndili ndi zaka 23. Mwezi watha ululu unandigwira m'miyendo ndi kumsana, uja umakhala ngati wina akuphwanya mafupa ndi nyundo. Kale ndikanathamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Ulendo uno ndinakhala masiku atatu m'chipinda ndikuluma pilo. Ndinkaopa kukatengako korona, ndinkaopanso kuti akandipeza thupi latentha andiika kuwodi ya odwala korona. Komanso ndinatopa n'kuyang'anidwa ngati ndabwera kudzasaka mankhwala ozunguza bongo. Ukapempha morphine woletsa ululu uli mnyamata, ena amayamba kukuyeza ndi maso. Tsopano ndi masikiwa nkhope yako saiona n'komwe mmene yakwinyikira, amangomva mawu.

Namwino Wopuma, 9:05 m'mawa

Mwanangu, undimvere bwino. Ululu wa sikoselo umabwera chifukwa maselo ofiira apindika n'kutseka timitsempha ta magazi. Ukabwera pamodzi ndi kutentha thupi, kupweteka pachifuwa kapena kubanika, usayerekeze kugona nawo kunyumba. Pali vuto la m'mapapo limene limagwira anthu a sikoselo, limafanana kwambiri ndi korona, ndipo limapha msanga. Kaya ndi ilo kaya ndi korona, zonse zimafuna chipatala. Vala masiki, tenga makalata ako akuchipatala, pita. Uli kunyumba uzimwa madzi ambiri, uzifunda, ndipo pamalo popwetekapo osaikapo zozizira.

Za kuyang'anidwa ngati wabodzazo ndinaziona ndi maso anga m'mawodi, ndipo zimandiwawa mumtima mpaka lero. Koma zisakutsekere m'chipinda.

Mnyamata wa Sikoselo, 9:09 m'mawa

Ndamva amayi. Pachifuwa panandipwetekadi tsiku lachiwiri. Sindinauze aliyense.

Namwino Wopuma, 9:11 m'mawa

Ndiye upite sabata yomwe ino akakuone, ngakhale wapeza bwino, ndipo zimenezo ukawauze.

Kalipentala, 12:35 masana

Moni nonse. Ine wanga ndi msana, zaka 6 tsopano. Ntchito yanga ndi yamanja, ndikapanda kuwerama ana sadya. Chitsekereni kiliniki yathu ya ululu ndakhala ndikudzithandiza ndekha. Ndimamwa panado awiri nthawi iliyonse ululu ukakula, mwina kasanu kapena kasanu n'kamodzi patsiku, kuphatikiza brufen ndi diclofenac. Mnzanga wina anandigawirako tramadol, mankhwala amphamvu oletsa ululu, amene anatsala bambo ake atamwalira, ameneyo ndiye amandigoneka. Funso langa ndi lakuti, ndinamva kuti brufen amakulitsa korona, kodi n'zoona?

Namwino Wopuma, 1:10 masana

Achimwene, funso mwafunsalo ndi laling'ono poyerekeza ndi zimene mwanena musanafunse. Ndiyambe ndi lomwelo. Nkhani ya brufen inafala pa 14 Malichi 2020, nduna ya zaumoyo ya ku France italemba pa Twitter kuti mankhwala amtunduwu mwina angakulitse matendawa. Sabata isanathe WHO inanena kuti sikuletsa anthu kumwa ibuprofen, ndipo kafukufuku amene anabwera pambuyo pake sanapeze kuti amakulitsa COVID-19. Imeneyo ichotseni mumtima.

Zimene zikundiopsa ndi izi. Panado wa 500 mg, munthu wamkulu sayenera kupitirira mapiritsi 8 pa maola 24, ndipo kwa munthu wochepa thupi kapena womwa mowa malire ake ndi otsikirapo. Inu mukufika 10 kapena 12. Chiwindi chimawonongeka mwakachetechete, munthu amadzazindikira madzi atafika kale m'khosi. Mankhwala ambiri a chimfine alinso ndi panado yemweyo m'kati, anthu amamwa kawiri osadziwa. Brufen ndi diclofenac ndi apachibale, kuwamwa pamodzi kumangoitana zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso. Mukaona chimbudzi chakuda ngati phula, amenewo ndi magazi, thamangani.

Tramadol, ngati mwamumwa milungu ingapo, musamusiye lero ndi lero. Thupi limakhala litamuzolowera, mudzatuluka thukuta, kunjenjemera, kusowa mtendere usiku wonse. Amachepetsedwa pang'onopang'ono wachipatala akukuonani. Ndipo chonde, osamusakaniza ndi mowa.

Kalipentala, 1:22 masana

Amayi anamwino, ndikumva. Koma mukundiuza zoti ndisiye osandiuza choti ndichite. Ndisiye, nanga mawa ndikagwira bwanji ntchito? Malangizo onse amathera pa "kaonaneni ndi dokotala", pamene dokotalayo ali kuwodi ya korona. Sindimamwa chifukwa chokonda ayi.

Namwino Wopuma, 1:50 masana

Mwanena zoona, kuletsa n'kosavuta kwa munthu amene sakuwerama ndi msana wanuwo. Ndiye tiyeni tiyambe ndi zimene zili m'manja mwanu lero. Lembani papepala piritsi lililonse limene mwamwa ndi nthawi yake, mukafika pa panado 8 muime. Pa brufen ndi diclofenac sankhani mmodzi, ndipo muzimwa mutadya. Pepalalo mupite nalo kwa wa kufamase amene anaphunzira za mankhwala, iwo sanatseke, mumuuze ndi za tramadol zomwe osabisa. Pa ntchito, kwezani tebulo kuti musamawerame kwambiri, ndipo muzipuma ululu usanafike pachimake, osati utafika kale. Botolo la madzi ofunda pamsana usiku limathandiza anthu ambiri.

Ndikuuzeninso china chimene mwina simuchikonda. Mu Epulo 2021 bungwe lopereka malangizo a zachipatala la NICE la ku England linatulutsa malangizo a ululu wokhalitsa umene chiyambi chake sichioneka bwinobwino. Linati kwa ululu wamtundu umenewo madokotala asamayambitse anthu panado, brufen kapena mankhwala a gulu la tramadol, chifukwa umboni woti amathandiza kwa nthawi yaitali ndi wochepa pamene kuipa kwake n'kodziwika. Linalimbikitsa masewera olimbitsa thupi, uphungu wa maganizo, ndi mankhwala ena monga amitriptyline. Odwala ambiri sanakondwe nazo, ndipo ndikuwamvetsa, chifukwa malangizowo anabwera pamene malo ochitira zimenezo anali otseka. Amitriptyline yekhayo musamuyambe panokha muli pa tramadol, awiriwa amatha kuyambana m'thupi.

Koma ichi chokha musachiiwale. Mukadzamva dzanzi pakati pa miyendo, mkodzo kapena chimbudzi n'kumatuluka osamva kapena kukanika, kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, musadikire kuche. Imeneyo ndi yadzidzidzi ngakhale mabedi atadzaza bwanji.

Mlembi wa Muofesi, 3:15 masana

Ndakhala ndikuzengereza kulemba chifukwa zanga zikusiyana ndi za anzanga, ndipo ndikuopa kuti ena akhumudwa. Kwa ine miyezi ya m'bindikiro inali yopepukirapo kuposa zaka zonse za m'mbuyo.

Ndili ndi endometriosis, matenda amene minofu yonga ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwa chiberekerocho. Akuti pafupifupi mayi mmodzi pa amayi 10 alionse a msinkhu wobereka ali nayo, koma ine zinanditengera zaka zambiri kuti wina akhulupirire kuti si msambo wamba. Masiku ena ululu umandipinda pakati, sindingakhale pampando ola lathunthu. Kwa zaka zinayi ndinkapempha kuntchito kuti masiku oterowo ndizigwirira kunyumba. Ankandiyankha kuti n'zosatheka, ntchito yathu siilola. Mliri utabwera, sabata imodzi yokha inakwana kuti aliyense apatsidwe kompyuta n'kukagwirira kunyumba. Ndinagwira ntchito ndili chogona, botolo la madzi otentha lili pamimba, ndipo palibe lipoti limene linachedwa. Sindinajombe tsiku ndi limodzi lomwe.

Tsopano atiitananso kuofesi, ndipo nditapempha kuti ine ndipitirize masiku awiri okha pamwezi, ayambiranso mawu akale aja. Chimene chikundipweteka n'chakuti tsopano ndikudziwa kuti zinali zotheka kuyambira kalekale.

Gulugufe, 3:29 masana

Achemwali, palibe wokhumudwa pano. Zimenezo ndinaziona inenso. Anzanga amene kale ankandinena kuti ndimakana maulendo, m'bindikiro muja ankandiimbira kuti atopa kukhala m'nyumba, mutu sukugwira. Ndinkawamvera chisoni ndithu, chifukwa ndikudziwa mmene makoma amapanikizira. Ndinkaganiza kuti akatuluka azikumbukira. Zitseko zitatseguka mafoni aja anasiya kulira.

Sungani umboni wa ntchito imene munagwira muli kunyumba, masiku ndi malipoti onse, ndipo pempho lanu mulilembe pakalata, osati pakamwa.

Watsopano Pano, 6:40 madzulo

Ndalowa gulu lino sabata yatha ndipo ndakhala ndikungowerenga. Ine sindinali wodwala. Ndinkathamanga m'mawa uliwonse. Ndinadwala COVID-19 mu Januwale, sindinagonekedwe n'komwe, milungu iwiri ndinali bwino. Koma kuchokera pamenepo thupi silinabwerere. Minofu imaphwanya, mutu umapweteka tsiku ndi tsiku, m'mapazi mumayaka ngati ndaponda makala. Ayeza magazi, ajambula pachifuwa, akuti zonse zili bwino. Dokotala wina anandifunsa ngati kunyumba kuli mavuto.

Chimene ndikufuna kunena n'china. Mkazi wanga wakhala akudwala mutu waching'alang'ala chikwatiranireni. Akatseka makatani n'kugona masana ndinkadandaula mumtima, nthawi zina ndinkanena ndithu kuti mutu wokha ungagoneke munthu tsiku lonse? Tsiku limene dokotala uja anandifunsa za mavuto akunyumba, ndinatuluka n'kukhala pabenchi panja, ndipo ndinamva mawu anga omwe aja. Ndinakamupepesa. Iye sananene zambiri, anangoti tsopano wadziwa.

Wosagona, 6:52 madzulo

Achimwene, takulandirani, ngakhale kuti gulu lino palibe amene amalowa mofuna. Mwachita bwino kupepesa. Ambiri a ife mawu amenewo sitinawamvepo.

Kalipentala, 7:05 madzulo

Achimwene, poti munali wothamanga, yambiraninso pang'onopang'ono. Anamwino angonena kumene kuti masewera amathandiza. Thupi likangozolowera kugona limaiwala ntchito.

Watsopano Pano, 7:14 madzulo

Ndinayesa katatu. Tsiku lothamangalo ndimamva bwino, koma mawa lake kapena mkuja ndimagwa ngati andimenya, masiku anayi osadzuka.

Namwino Wopuma, 7:40 madzulo

Apa ndiye tisasakanize. Zimene ndinauza a Kalipentala ndi za msana, ndipo kwa msana ndi bondo kuyenda n'kwabwino ngakhale kukupweteka pang'ono. Zimene akufotokoza achimwene atsopanowa n'zina. Mwa anthu ena amene COVID-19 inawasiyira mavuto, thupi likagwira ntchito mopitirira malire ake limadzalipira patapita maola 12 mpaka 48, ndipo kulikakamiza kumalibwezera m'mbuyo. Kwa iwo njira ndi kupeza muyeso umene thupi likulola popanda kugwa mawa lake, n'kukhala pansi pa muyesowo, ngakhale utakhala mphindi zisanu zokha. Kuwonjezera kumabwera pambuyo, thupi likakhazikika.

Achimwene, matenda anuwo ali ndi dzina. Odwala okha ndi amene anayamba kuwatchula kuti long COVID pa intaneti mu 2020, madokotala asanavomereze. Mu Okutobala 2021 WHO inatulutsa tanthauzo lake: zizindikiro zimene zilipo patapita miyezi itatu chiyambireni matendawa, zokhala miyezi iwiri kapena kuposa, zimene sizingafotokozedwe ndi matenda ena. Kupweteka kwa minofu ndi mutu zili m'gulu la zizindikirozo. Mukapitanso mukatchule zimenezi.

Kalipentala, 7:46 madzulo

Pepani achimwene, ndinalankhula za thupi lanu ngati ndi langa.

Mdzukulu, 9:20 usiku

Ine sindidwala, ndimasamala agogo anga aakazi a zaka 81. Anadwala mashingozi chaka chatha, zilonda zinapola koma ululu unatsala m'nthiti. Ngakhale malaya akakhudza pamenepo amakuwa. Dokotala anawapatsa mankhwala a mitsempha omwa usiku, akuthandizako ndithu.

Koma chimene ndaona n'chakuti ululu unakula pamene tinaletsa alendo. Tinachita zimenezo powateteza, ndipo sindikunena kuti tinalakwa. Kale anzawo ankabwera n'kucheza mpaka madzulo, ndipo nthawi yonseyo za nthiti sankazitchula. Tsopano tsiku lonse ali okha ndi ululuwo. Inenso miyezi yoyamba ija ndinkawapatsira zinthu patali, ndili ndi masiki, osawakhudza. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Kodi ndikununkha?" Ndinapita kuseri n'kukalira.

Namwino Wopuma, 9:45 usiku

Mwanangu, waona chinthu chenicheni. Mu 1965 akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza kuti uthenga wa ululu popita ku ubongo umadutsa pa chinthu chonga chipata mumsana, ndipo chipatacho chimatha kutseguka kwambiri kapena kutsekeka pang'ono. Kukhudza kumachitsekako, n'chifukwa chake munthu akadzigunda amasisita pamalopo. Ubongo nawonso umatumiza mawu ake kuchipatako, ndipo mantha, nkhawa ndi kusungulumwa zimachikankha kuti chitseguke. Sikuti ululu wa agogo ndi wam'mutu. Ndi weniweni, koma ulibe choutchinga.

Pa nthiti pamenepo osasisita, mitsempha yake inavulala ndipo kukhudza komweko kumapweteka. Uwaveke zovala zofewa zosathina. Koma samba m'manja, uwagwire dzanja, uwapese tsitsi, uwasisite mapazi. Ngati anabayitsa katemera, mnzawo mmodzi angathe kubwera n'kukhala nawo panja pamene mphepo ikuyenda, atatalikirana pang'ono.

Gulugufe, 9:58 usiku

Poti mwatchula katemera. Ine ndinkaopa kuti adzutsa lupus. Ndinabayitsa, mfundo zinapweteka masiku awiri, kenako zinabwerera mwakale. Ndimamwanso prednisolone, amene amatsitsa chitetezo, ndiye andiuza kuti ndikalandire wowonjezera. Akatswiri a katemera a WHO analangiza zimenezo mu Okutobala 2021 kwa anthu a chitetezo chofooka. Amene muli pa prednisolone musamusiye nokha chifukwa choopa korona, kumusiya mwadzidzidzi n'koopsa.

Woyang'anira Gulu, 10:05 usiku

Zikomo nonse chifukwa cholemekezana ngakhale pamene munasiyana maganizo. Ndingokumbutsa lamulo lathu: pano sitigawana kapena kugulitsana mankhwala, ngakhale kumbali. Uthenga wina umene unabwera masana wotsatsa mapiritsi ndauchotsa.

Wosagona, Lachinayi 4:30 madzulo

Ndabwera kudzapereka lipoti. Ndinaimba dzulo monga ananenera anamwino. Manja ankanjenjemera, ndinachita kulemba papepala zoti ndinene kuti ndisangoti "chabwino, zikomo" ngati kale. Ndinawauza kuti masitepe ndinasiya kukwera, kuti kubafa ndimasamba nditakhala pampando, kuti bondo linalo layambanso chifukwa cholemedwa. Amene anayankhayo anakhala kaye chete, kenako anati mufayilo yanga zimenezi mulibe, muli za chaka chatha zokha. Analemba. Tsiku la opaleshoni sanandipatse, ndisakunamizeni. Koma wa mafizo wandiimbira lero m'mawa. Wandiphunzitsa kugona chagada, kuwongola mwendo, kulimbitsa ntchafu n'kuwerenga mpaka 5, kakhumi, katatu patsiku. Ndachita kawiri. Zikupweteka, koma ndi ululu wina, wa minofu imene ikugwira ntchito.

Ndipo m'mawa mchemwali wanga atandifunsa kuti ndadzuka bwanji, ndamuuza kuti sindinagone, bondo lavuta. Sanandidzudzule. Wangofunsa kuti nanga bwanji sindinkanena.

Kalipentala, 4:52 madzulo

Ine dzulo panado 8, lero ndili pa 6. Diclofenac ndamuika padera. Kufamase ndipita Loweruka ndi pepala langa.

Mnyamata wa Sikoselo, 5:03 madzulo

Ndapita amayi anamwino. Anditenga magazi, andijambula pachifuwa, akuti ndibwerenso Lolemba.

Bambo wa Atatu, 8:17 usiku

Ndakhala chete masiku awiriwa koma ndimawerenga. Amayi Wosagona, mawu anga aja anali olemera. Ndimaganiza za mkulu wanga, ndipo aliyense wodandaula ndimamuona ngati akuiwala kuti iye kulibe. Sikunali koyenera kukusenzetsani zimenezo.

Wosagona, 8:25 usiku

Palibe mlandu abambo. Koma ndikufunseni. Muli m'gulu lino kuyambira kale, mumatilimbikitsa tonse, koma simunatiuzepo kuti inu chimakupwetekani n'chiyani.

Bambo wa Atatu, 8:58 usiku

Ndi mapazi amayi, onse awiri. Matenda a shuga anawononga mitsempha. Usiku amayaka moti ndimawatulutsa m'bulangete. Chimwalirireni achimwene zawonjezeka, ndipo kuchipatala sindinapitekonso chifukwa ndi komwe anatsirizikira. Ana sakudziwa. Pachala chachikulu chakumanzere pali kachilonda kamene katha milungu itatu osapola.

Namwino Wopuma, 9:01 usiku

Abambo, chilonda chimenecho ndi cha mawa m'mawa, osati sabata yamawa. Muuzeni mwana wanu wamkulu usiku womwe uno akuperekezeni.